Jombo Zanga ndi Jombo za ba Tembo

Lolemba

Ndafika. Kampu ili kuseri kwa msika wa Rufunsa, ukapatuka pa msewu waukulu n'kutsika pang'ono. Kale panali munda wa thonje. Tsopano pali nyumba zitatu zazitali za malata, mlongoti wa mbendera, ndi mpanda wa waya umene mbuzi zikulowa ndi kutuluka mmene zifunira.

Achinyamata ndi ambiri, anyamata ndi atsikana. Abwera kudzatumikira dziko modzipereka, masabata asanu ndi limodzi, kugona konkuno. Oyang'anira kampu anapempha kuti midzi itumize madala oti azikhala ndi anawa ngati makolo awo. Ine ndinalembetsa tsiku lomwelo. Ndinkayesa ndidzakhala ndekha.

Ndikulowa m'chipinda cha madala, ndapeza bedi la pawindo layalidwa kale. Pansi pake pali jombo zakuda, zoimikidwa bwinobwino ngati zikudikira wojambula. Ndazidziwa ndisanaone mwini wake. Ba Tembo.

Ndilembe zonse pano kuti zisasokonekere. Ine ndi ba Tembo tinayamba sukulu tsiku limodzi ku Chinyunyu, pa benchi imodzi. Masamu ndinkawauza ndine. Titafika Giredi 7 atate anadwala, ine ndinatsala kumunda, iwo anapitirira mpaka Fomu 5. Masiku amenewo omaliza Fomu 5 ankapita kukampu kukaphunzira perete ndi ulimi. Ba Tembo anabwerako ndi jombo. Analowa nazo m'tchalitchi, mochedwa dala, go, go, go, mpaka kutsogolo. Kwaya yonse inatembenuka. Amene lero ndi mkazi wanga, amake Joyisi, anali mu mzere wachiwiri, ndipo anatembenuka nawo. Amakana mpaka lero. Ine ndinali kumbuyo, ndinaona khosi.

Kuchokera pamenepo zaka zapitirira makumi anayi. Pamaliro alionse, anthu akangokhala pansi, ba Tembo amayamba: "Ife tili kukampu." Pa msonkhano wa feteleza: "Ife tili kukampu." Ngakhale pa maliro a akazi awo omwe ananenako kamodzi, ndinamva ndekha.

Andilonjera ndi manja awiri. "Amnzanga, mwabwera. Musadandaule, ndizikuonetsani zonse." Ndayankha kuti zikomo. Bedi langa lili pakhomo, pomwe pamadutsa mphepo ndi fungo la nyemba.

Madzulo

Mlangizi wathu ndi mayi wa ku Lusaka, ba Mulenga. Ndi wamng'ono kwa Joyisi wanga, koma akaimba wenzulo ngakhale mbuzi zimaima. Walengeza kuti Loweruka kudzakhala perete yotsegulira kampu. Kudzabwera akuluakulu a boma ndi abale athu. Kutsogolo kwa mizere yonse kudzakhala mdala mmodzi wonyamula mbendera. "Tizasankha wamene ayenda bwino," akutero.

Madala tilipo awiri.

Zochita sabata ino:
Kulandira jombo zanga.
Kuphunzira perete popanda kufunsa ba Tembo kanthu.
Kunyamula mbendera Loweruka.
Amake Joyisi akhale kutsogolo, aone.

Ndawaimbira foni kuti adzakwere minibasi yoyamba. Akuti, "Mankhwala a bipi mwatenga?" Za mbendera sindinanene. Adzangoona.

Lachiwiri

Wenzulo walira kusanache bwino. Phala, tiyi, kenaka mzere wa kusitolo ya kampu.

Ndalandira: malaya obiriwira, buluku lobiriwira, lamba, chipewa, sokosi, mbale ndi kapu. Buluku ndi lalitali, ndapinda kawiri.

Pa jombo wa m'sitolo wafunsa saizi. Ine moyo wanga wonse ndi nsapato za matayala ndi patapata, kupatula nsapato za kutchalitchi zimene anandigulira mkamwini. Pansi pa zimenezo panalembedwa 8. Ndisanatsegule pakamwa, ba Tembo kumbuyo kwanga: "Apatseni 9, phazi lawo n'lotambalala." Anthu aseka. Ndanena mokweza kuti 8. Phazi ndi langa.

Ndili nazo pano pabedi. Zakuda, zolemera, zonunkhira ngati mkati mwa basi yatsopano. Ndazinunkhiza katatu ba Tembo atatuluka. Iwo zatsopano akana, ati zawo zakale zikadali bwino, zina apatse ana. Ba Mulenga awathokoza pamaso pa onse chifukwa cha mtima wabwino. Munthu akuyamikiridwa chifukwa chosalandira chinthu.

Masana

Perete yoyamba.

Kumanzere ndimakudziwa, kumanja ndimakudziwa. Ndalima ndi ng'ombe zaka zonsezi, sindinakhotetsepo pulawo kolakwika. Koma munthu akakuwa, wenzulo n'kulira, dzuwa lili pamutu, miyendo imayamba kuganiza yokha. Kawiri ndatembenuka n'kupezana maso ndi maso ndi mzere wonse wa atsikana.

"Ba shikulu, lefuti ni iyi, osati iyo." Ba Mulenga amenewo, kunditchula agogo m'chilankhulo cha kwawo.

Kenaka anena kuti ba Tembo aonetse ana mmene zimakhalira. Atuluka pamzere pang'onopang'ono ngati sakufuna. Chifuwa patsogolo, chibwano m'mwamba, mkono ukufika paphewa. Go, go, go. Phokoso lomwe lija la m'tchalitchi, silinasinthe. Ana aomba m'manja. Pofika nthawi ya nkhomaliro akuwaitana kuti ba Komanda.

Ine ndine ba shikulu. Tinabadwa chaka chimodzi, iwo ndi aakulu ndi miyezi inayi.

Madzulo

Ndavula jombo kuseri kwa bafa kuti asaone.
Chithuza pa chidendene cha kumanzere, chachikulu ngati dzira la nkhunda.
China pa chidendene cha kumanja, chaphulika kale.
Chala chaching'ono sichikumva kanthu.
Chala chachikulu chikumva zonse.

Mwina 9 ikanakhala bwino. Izi ndalemba muno mokha.

Lachitatu

Kuvala jombo m'mawa uno kwanditengera nthawi yonse ya phala. Ndafika pamzere ndi mimba yopanda kanthu.

Chikopa chake n'chouma ngati thabwa. Sichipindika pomwe phazi lipindika. Ndikuyenda ngati munthu woponda minga, ndipo ba Mulenga akulemba m'kabuku kawo. Ndikayang'ana, amasiya. Ndikayang'ana kumbali, amalembanso.

Titatha perete tapita kudimba la kampu kukakonza mabedi a repu ndi matimati. Apa ndi panga. Ndaonetsa ana kagwiridwe ka khasu, ndawauza kuti manyowa a mbuzi aawisi amawotcha mbande. Amvetsera pang'ono. Kenaka ba Tembo ayamba pansi pa mtengo wa masuku: "Ife tili kukampu, kabichi mmodzi ankadya anthu khumi." Onse asiya makasu. Kabichi ameneyo ndamumva pa maliro asanu ndi awiri, ndipo amakula chaka ndi chaka.

Masana

Ba Tembo andipeza ndikupaka mankhwala pa zidendene. Akhala pabedi lawo, ayang'ana nthawi yaitali.

"Amnzanga, jombo yatsopano simenyana nayo. Pakani mafuta kunja, mkati muikemo nyuzipepala yonyowa, muzivala pang'onopang'ono. Masabata awiri zifewa zokha."

Masabata awiri. Perete ndi Loweruka. Akudziwa bwino kuwerenga masiku, anafika Fomu 5. Ndawathokoza ndipo sindichita.

Chinthu chimodzi chandisangalatsa lero, Mulungu andikhululukire. Akamaliza kuonetsera ana, amapita kuseri kwa thanki ya madzi, amakhala pa njerwa n'kumasisita bondo la kumanja. M'chikwama chawo muli kabotolo ka mankhwala onunkha. Ba Komanda ali ndi bondo.

Madzulo

Ba Mulenga alengeza kuti mawa tonse tikwera lole kupita ku Chinyunyu, kukatola zinyalala ndi kulambula njira ya ku kasupe wa madzi otentha.

Kwathu. Ndipo nzeru yabwera ndili ndi nyemba m'kamwa.

Atate ankafewetsa zikopa m'madzi amenewo. Chikopa cha ng'ombe chouma gwa, chodulira zingwe za goli, ankachiviika madzulo kumunsi kumene madzi ndi ofunda, n'kuikapo mwala. M'mawa chinkapindika ngati nsalu. Jombo n'chiyani? Ndi chikopa.

Vuto ndi nthawi. Atate ankaviika usiku wonse, ine ndili ndi m'mawa umodzi. Koma ankaviika kumunsi. Kumtunda, pa diso penipeni pomwe madzi amatumphuka, amayi amasosolerapo nkhuku ndipo dzira limapsa munthu akadacheza. Ngati madzi ofunda afuna usiku wonse, madzi otentha afuna mphindi zochepa chabe. Masamu ndinkawauza ndine.

Izi ku Fomu 5 saphunzitsa.

Lachinayi

Ndakwera lole ndi patapata, jombo zili m'thumba la saka. Ndauza ba Mulenga kuti ndikupumitsa mapazi. Ba Tembo akhala kutsogolo ndi dalaivala. Ine kumbuyo, pa mulu wa mafosholo.

Kasupe ali monga ndinamusiyira. Nthunzi pamwamba pa udzu, fungo lija la dzira lowola, amayi atatu ndi mabeseni awo kumunsi. Ana a ku Lusaka akuika chala m'madzi n'kukuwa, kenaka kujambulana.

Onse atabalalika ndi masaka a zinyalala, ndazembera ku diso. Ndamanga zingwe za jombo ku ndodo, ndodo ndaipingasa pa miyala iwiri. Jombo zamira bwino, thovu likutuluka m'mabowo a zingwe. Ndati ndiwerenge mpaka mazana atatu ndizivuule.

Ndili pa makumi asanu ndi limodzi, wenzulo.

Ba Mulenga asonkhanitsa onse pamthunzi. Akufuna wina afotokoze za malo ano. Ayang'ana ba Tembo, monga mwa masiku onse. Koma ba Tembo akuti, "Funsani amnzangawa. Ine ndinachoka kuno ndili mwana, iwo sanachokepo."

Mawu amenewa ndawatembenuza kangapo. Akhoza kukhala ulemu. Akhoza kukhala chipongwe. Pa nthawiyo ndinalibe mpata wosankha, maso onse anali pa ine.

Ndayamba pang'ono. Ndanena mmene tinkabwerera kuno m'nyengo yozizira tisanapite kusukulu, kudzaotha mapazi. Mmene amayi ankatituma ndi nkhuku yophedwa kale, tibwere nayo yoyera. Mtengo umene sitinkaloledwa kudula. Dzina la malo aliwonse m'Chisoli, chilankhulo cha kuno, ndi chifukwa chake. Ng'ombe ya atate imene inaterera m'matope otentha n'kukhala yopanda ubweya mwendo umodzi moyo wake wonse. Ana aseka pomwe ndimafuna aseke. Mafoni ali m'mwamba, onse akuloza ine. Mtsikana wina wafunsa funso, wina wafunsanso. Ba Mulenga akulemba m'kabuku, ndipo ulendo uno akumwetulira.

Chibadwire sindinamvedwepo ndi anthu ochuluka chotere. Ndikanapitiriza mpaka dzuwa kulowa.

Wandidula ndi mayi wina wa m'mudzi, atanyamula nkhuku kumanja, ndodo yanga kumanzere, jombo zikulendewera, nthunzi ili tolo.

"Izi n'za ndani? Zapsa kale. Tikuikireni mchere?"

Dzuwa linali litafika pamutu. Tinafika lisanatenthe.

Masana

Aseke. Ine ndazigwira, ndipo zafewa. Zafewa kuposa mmene ndimayembekezera, zikupindika m'manja ngati masamba a chibwabwa ofutsa. Zitazizira ndavala. Palibe pomwe pakupweteka! Ndayenda kuchokera pa kasupe mpaka pa lole ngati mnyamata. Utoto wakuda wachoka pang'ono, zaoneka zotuwa, koma polishi alipo.

Ba Tembo azitenga, azitembenuza, akanikiza ndi chala. Kenaka: "Musaziike padzuwa."

Ndamva. Akufuna zifike Loweruka zili zonyowa.

Titangofika kukampu ndakwera pa dramu, ndaziika pa denga la malata la bafa, pomwe dzuwa limamenya mpaka madzulo. Zigone pomwepo, mawa m'mawa ziwombedwenso pang'ono.

Ndadya nyemba mbale ziwiri. Lero ndi tsiku labwino.

Lachisanu

Sindikudziwa poyambira.

Ndakwera pa dramu. Poyamba ndimayesa ana andichita chipongwe, achotsa zanga n'kuikapo za mwana wa sukulu. Koma zingwe ndi zanga, mfundo ndi yanga.

Zafota. Zakwinyika ngati nkhope ya munthu wolawa bwemba. Kutsogolo kwapindikira m'mwamba, mphira ya pansi yasiyana ndi chikopa, zonse ziwiri zayasama ngati milamba youma ya pamsika wa ku Luangwa. Ndikagogoda zikulira ngati chigubu. Zala zitatu zokha ndi zomwe zikulowa.

Zimene ndayesa phala lisanafike:
Mafuta ophikira, opempha kukhitchini. Angoyenderera pamwamba.
Zitsononkho, kukhomera mkati ndi mwala. Chimodzi chakanirira, sichikutuluka.
Kuviikanso m'madzi ozizira. Palibe.
Kukoka ndi manja awiri, phazi litaponda. Chidendene cha jombo ya kumanja chatsala m'manja mwanga.

Tsopano ndakumbuka chinthu. Tsiku lina ndili mwana ndinafuna kuika chikopa pa diso kuti tifulumire, atate anandimenya ndi chipewa. Sanafotokoze chifukwa. Anthu akale anali ndi vuto limeneli, losafotokoza.

Masana

Kuyendera zovala. Aliyense waima pafupi ndi bedi lake, katundu atayalidwa. Ba Mulenga afika pa ine, ayang'ana pansi. Ayang'ana nthawi yaitali. Kenaka aphimba nkhope ndi kabuku, mapewa akugwedezeka.

"Ba shikulu, manje mwachita chani?"

Ndafotokoza za atate ndi zingwe za goli. Atuluka panja, abweranso maso ali onyowa.

Kusitolo zina kulibe. Akuti zidzachokera ku Lusaka, tsiku silikudziwika. Lamulo ndi lakuti wopanda jombo salowa pa perete. Ndafunsa ngati nsapato za kutchalitchi zingaloledwe. Akuti ayi. Ndiponso zili kunyumba.

Mbendera apatsa ba Tembo. Ana aimba nthungululu.

Ndakhala pa njerwa kuseri kwa thanki, nditavala yunifomu yonse ndi patapata, kuonerera akuyeserera komaliza. Ndaganiza zoimbira amake Joyisi kuti asabwere, perete yalephereka. Koma minibasi imadutsa pa geti pomwe, ndipo mkazi wa dalaivala amaimba nawo kwaya.

Ba Tembo ali kutsogolo, mbendera ili m'mwamba. Ndivomereze, zikuwakhala. Afika kumapeto kwa bwalo, ba Mulenga akuwa kuti atembenuke, aponda mwamphamvu monga amachitira ana akamaonerera. Thupi latembenuka, bondo latsala. Akhala pansi pang'onopang'ono, mbendera ataigwirabe kuti isakhudze dothi. Ngakhale kugwa amagwa mwaulemu.

Sindinapemphere zimenezi. Ndalemba kuti zidziwike. Ndinangoziganizira Lachitatu.

Madzulo

Ba Tembo abwera kuchokera ku kiliniki ndi bandeji ndi ndodo. Awauza kuti asaponde mwamphamvu masabata angapo.

Takhala m'chipinda awiri, aliyense pabedi lake. Ine wa miyendo wopanda jombo, iwo a jombo opanda mwendo. Kenaka ndi ndodo yawo akankha jombo zija pa simenti, imodzi, kenaka inzake, mpaka zafika pa mapazi anga.

"Valani. Mbendera isanyamulidwe ndi mwana madala tilipo. Ba Mulenga ndawauza kale."

Ndati ndiganize. Ndapita kukakhala kudimba.

Zokanira: ndi za ba Tembo. Ndi zomwe zija. Adzanena pa maliro alionse mpaka mmodzi wa ife adzakhale mwini maliro.
Zovomerera: amake Joyisi akubwera ndi minibasi yoyamba.

Ndi saizi 10. Ndaikamo nyuzipepala kutsogolo. Ba Mulenga andiyendetsa bwalo kasanu dzuwa lisanalowe, ndipo ndalakwitsa kamodzi kokha.

Loweruka

Ndilemba mwadongosolo, mtima usanditsogolere.

Aimika tenti, aika mipando ya pulasitiki. Akuluakulu a boma afika ndi galimoto ziwiri. Abale adzaza mbali zonse za bwalo, ena ndi maambulera, ena akugulitsa chimanga chowotcha pa mpanda.

Amake Joyisi afika m'mawa, avala chitenje chatsopano chimene sindinachionepo. Ndinapempha dzulo kuti adzawapatse mpando wa kutsogolo, ndipo awapatsadi. M'tenti, mzere woyamba, pa mipando ya madala ndi mabanja awo. Mipando imeneyo ndi iwiri. Wina wakhalapo ba Tembo, mwendo uli pa kasitulu, yunifomu yositidwa, ndodo pa ntchafu. Mpando wa pambali pawo ndinaupempha ndekha.

Ng'oma yayamba. Wenzulo.

Ndayenda bwino. Izi palibe anganditsutse. Mbendera ndi yolemera kuposa mmene imaonekera, mphepo ikaigwira imakoka ngati ng'ombe yosaphunzira goli, koma sinapendekeke. Kumanzere kunali kumanzere. Kumbuyo kwanga mapazi a ana onse akugunda pamodzi ndi anga. Pansi panga go, go, go. Ndinaganiza za atate, ndinaganiza za benchi ija ya Giredi 7.

Pofika pa tenti timayenera kutembenuza mutu kuyang'ana akuluakulu. Ndatembenuza. Amake Joyisi akuyang'ana kumbali. Ba Tembo awerama, akuwafotokozera kanthu, dzanja likuonetsa mmene mkono uyenera kukwerera. Amake Joyisi akugwedeza mutu. M'manja ali ndi botolo la chakumwa chozizira, cha alendo olemekezeka.

Tazungulira kachiwiri. Ulendo uno andiona, akweza botolo pang'ono.

Titaima, ba Mulenga atenga maikolofoni. Ndimayembekeza dzina langa, ndipo analitchuladi, mwachangu. Kenaka: "Koma nifuna muzibe nkhani ya nsapato zamene avala." Anena zonse. Za kasupe, za mchere, za denga la bafa. Bwalo lonse lagwa ndi phwete, mpaka mlendo wolemekezeka wavula magalasi. Atatha apo asintha mawu, ayamba kulankhula mofatsa: kuti pali mdala wina amene anasunga jombo zake zaka zambiri, amene anasankhidwa kunyamula mbendera, amene atavulala sanaganize za iye yekha koma anapereka jombo zake kwa mnzake. Ati kudzipereka n'kumeneko, ana aphunzirepo.

Anthu aimirira. Mlendo wolemekezeka wapita yekha pa mpando wa ba Tembo kukawagwira chanza. Wojambula wawajambula atatu: mlendo, ba Tembo, ndi amake Joyisi pakati, chifukwa anali pomwepo.

Ine ndili padzuwa, mbendera ili m'manja, sindiloledwa kugwedezeka. Ntchentche inatera pamphuno, inakhala mpaka nyimbo ya fuko.

Masana

Amake Joyisi andipeza kuseri kwa tenti. Abweretsa mbatata zophika ndi chigubu cha munkoyo, thobwa lathu la mizu.

"Mwayenda bwino, atake Joyisi. Koma nkhope munachita ngati mukupita kukamenya munthu."

Ndati perete imafuna choncho. Ayang'ana pansi, pa mapazi anga. Aweramanso pang'ono kuti aone bwino.

"Ha, zikadalipo izi? Zinali ndi kachitsulo kumbuyo, kankalira m'tchalitchi."

Ndayang'ana. Kachitsulo kalipo, kakutha mbali imodzi. Ine amene ndagona nazo chipinda chimodzi sabata yonse sindinakaone.

Ndati, "Si paja munati simunatembenuke?"

Akuti, "Imwe, idyani mbatata."

Munkoyo agawa pawiri. Theka ati n'la odwala.

Lamulungu

Kulibe perete. Mapemphero pansi pa mtengo wa masuku, mlaliki wochokera kumsika. Walalikira za kupatsa. Chitsanzo chake sindilemba, aliyense akuchidziwa.

Ana asiya kunditchula ba shikulu. Tsopano ndine ba Supu. Amanena mwaulemu, ena amagwira ndi chipewa. Mtsikana uja wa mafunso wandionetsa pa foni kanema wa ku kasupe: ine ndikufotokoza bwino kwambiri, manja ali m'mwamba, ndipo kumbuyo kwanga, patali, mayi akuvuula ndodo m'madzi. Akuti anthu ambiri aonera. Sindinafunse kuti akuonera chiyani.

Jombo zanga wa m'sitolo wazipachika pa msomali pamwamba pa khomo lake. Chitsononkho chikadali mkati.

Ndinapita kukabweza za eni ake. Ndinaziika pansi pa bedi lawo mmene zimakhalira. Azikankhanso ndi ndodo.

"Khalani nazo mpaka titseke kampu. Ine ndizivala ndi mwendo uti? Koma polishi musamapake ngati mukumata nyumba. Bweretsani kuno."

Ndiye takhala pakhomo masana onse, iwo pa mpando, ine pa njerwa. Kansalu pa chala, polishi pang'ono, dontho la madzi, kuzungulira pang'onopang'ono malo amodzi mpaka udzione nkhope. Akuti ndikufulumira. Akuti ndibwereze. Pakati pake kabichi uja wabweranso, tsopano akudya anthu khumi ndi awiri. Ndinalibe kothawira, jombo inali m'manja.

Atsala masabata asanu. Ba Mulenga akuti mbendera ya m'mawa uliwonse ndizikweza ine, popeza ndazolowera, ndipo ba Tembo aziimirira pambali kuona ngati ndikuchita bwino.

Dzuwa litapepa ndavala, ndati ndikagule sopo kumsika. Ndadutsa pa sopo osaima. Ndatsata msewu waukulu mpaka pa mlatho waung'ono, ndabwerera, ndazungulira ku sukulu, ndakwera kachitunda ka kuseri kwa kiliniki kumene kuli miyala. Ndimafuna ndipeze pomwe zikuluma, kuti ndikawauze.

Ndafika, ndavula, ndayang'ana mapazi onse awiri, pansi ndi pamwamba. Matuza akale akuuma. Latsopano palibe.

Ba Tembo andifunsa kuti zikukhala bwanji. Ndati zikuthina pang'ono.